Ana akuloweza fomula koma sangathe kunena kuti ndowa imalowa malita angati

Choko_Choyera:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ana a zaka 9 mpaka 11 amaloweza bwinobwino kuti voliyumu ya bokosi ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi msinkhu. Ukawalembera 6, 4 ndi 3 pa bolodi, pafupifupi onse amapeza 72. Koma ukawaikira ndowa patsogolo n'kufunsa kuti muno mungalowe madzi ochuluka bwanji, wina amati malita 2, wina 100, wina amangoti "ambiri". Kodi kuyerekeza kumaphunzitsidwa bwanji? Poyambira ndi pati, ndipo zipangizo zofunikadi ndi ziti? Kalasi ndi yaikulu ndipo zoyezera za mu labu palibe.

MayiWaRula:
Mwana amene akuti malita 100 sanalakwitse masamu ayi. Vuto lake n'lakuti mawu oti "lita" alibe chithunzi m'mutu mwake. Munthu sayerekeza popanda chofanizira, ndiye ntchito yoyamba ndi kumupatsa miyeso yochepa imene wagwira ndi manja ake, wathira, waiona ikudzaza. Isapitirire isanu: supuni yaing'ono ya mamililita 5, kapu ya mamililita 250, botolo la mamililita 500, botolo la lita imodzi, ndi ndowa ya malita 10 kapena 20. Zimenezi zikhale pakona ya kalasi teremu yonse, chilichonse chitalembedwa muyeso wake ndi malembo akuluakulu.

Kenako phunziro lililonse liziyenda chonchi. Mwana aone chiwiya, achigwire, alembe nambala yake m'kope asanathire kanthu. Kulembako n'kofunika kwambiri, chifukwa akangonena pakamwa, yankho likatuluka amati "ndimaganiza chomwecho". Akatero athire botolo limodzi lokha, aime, ayang'ane pamene madzi afika, ndipo mumulole kusintha nambala yake. Alembe yachiwiriyo pambali pa yoyamba, osafufuta. Pomaliza adzaze n'kuwerenga. Kuphunzira kwenikweni kumachitika pa kusintha kuja, pamene mwana akuti "botolo limodzi langofika apa, ndiye malita 2 sangakhale".

Chiwiya chotsatira chikhale chofananako ndi choyamba kuti agwiritse ntchito zimene wangoona kumene. Mukadumpha kuchoka pa kapu kupita pa mgolo, ayambanso kulota.

Kambalame22:
Madamu, masupuni ndi makapu sizikhala zofanana. Pali makapu a 200, ena amapitirira 300. Tikawauza ana kuti kapu ndi 250 sitikuwanamiza?

MayiWaRula:
Mwalasa achimwene. Kapu yomwe mwasankha muyambe mwaiyeza nokha. Njira yachidule: ngati makapu anayi akudzaza botolo la lita mpaka pamzere, ndi ya 250. Ngati ayi, lembani mzere mkati mwa kapuyo pamene 250 ikuthera. Pa supuni gwiritsani ntchito sirinji yatsopano yopanda singano, ya mamililita 5 kapena 10. Komanso dziwani kuti botolo lolembedwa lita imodzi mukalidzaza mpaka pakamwa limapitirira lita, chifukwa opanga amasiya mpata pakhosi. Lembani mzere pamene zamkati zinkalekezera lisanatsegulidwe.

Mmisiri_77:
Chipangizo chimodzi chimene chimalumikiza fomula ija ndi ndowa ndi bokosi la lita, ndipo ana angathe kulipanga okha. Tengani katoni yolimba, dulani sikweya ya masentimita 30 mbali zonse. Jambulani mizere pa 10 ndi pa 20 mbali ziwiri zonse, kuti pakhale masikweya 9. Dulani anayi a m'makona, mutsala ndi mtanda. Pindani manja anayi a mtandawo m'mwamba, matani ndi tepu kunja. Mwapeza bokosi lopanda chivundikiro, 10 ndi 10 ndi 10.

Musanathire, afunseni ana kuti madzi a m'botolo la lita akwana m'bokosimo kapena asefukira. Ambiri amati asefukira, chifukwa botolo ndi lalitali pomwe bokosi likuoneka lalifupi. Yalani pepala la pulasitiki losabooka mkati, thirani pang'onopang'ono. Madzi amathera pamlomo penipeni. Apa ndiye muwauze awerengere 10 × 10 × 10, apeze 1000, aone okha kuti 1000 cm³ ndi lita imodzi, ndipo 1 cm³, kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, ndi mililita imodzi.

Chimene chimalakwika: katoni yofewa imatukumuka m'mbali madzi akalowa, ndiye lita imalephera kufika pamwamba. Mangani chingwe kuzungulira kapena mwana mmodzi atsamiritse mabuku m'mbali zinayi. Ndipo popinda, mizere ija ikhale mkati, chifukwa chofunika ndi muyeso wa mkati.

Gogo_Masamu:
Zonsezi n'zabwino, koma mwathamangira malita. Pali chinthu china chimene chimayenera kukhazikika kaye: mwana avomereze kuti madzi sachuluka kapena kuchepa chifukwa chosintha chiwiya. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland wa kakulidwe ka maganizo a ana, anaonetsa zimenezi kalekale. Madzi ofanana m'matambula awiri ofanana, amodzi n'kuwathira m'tambula yaitali yopyapyala mwana akuona. Ana ambiri osakwana zaka 7 amati m'yaitalimo ndiye mwachuluka. Amayang'ana msinkhu wokha, kutakata sakuwerengera.

Musaganize kuti a zaka 10 zinawathera. Mwina sanganenenso kuti madzi achuluka, koma diso lawo limakokedwabe ndi kutalika. N'chifukwa chake beseni lalifupi lotakata amalipatsa nambala yaing'ono, botolo lalitali yaikulu. Musanatchule lita, apatseni ziwiya zisanu zosiyana maonekedwe, azindandalike kuyambira cholowa zochepa mpaka cholowa zambiri, kenako atsimikize pothira kuchokera m'china kupita m'chinzake. Sankhani dala ziwiri zonyenga diso.

Nyenyezi_08:
Agogo, pa zaka pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Zaka zimene zimatchulidwa pa za Piaget si malire okhomedwa ndi msomali. Mwana wozolowera kuthira ndi kutunga amazimvetsa msanga. Choopsa n'chakuti mphunzitsi angamati "awa sanakhwime" n'kusiya kuwaphunzitsa.

Gogo_Masamu:
Sindinati adikire, mwanawe. Ndati ayambe ndi kufanizira ziwiya. Kuthirako ndiye mankhwala ake. Ndipo athirenso kubwezera m'tambula yoyamba ija, aone madzi akubwerera pamzere womwe uja.

Choko_Choyera:
Zikomo nonse, ndikulemba. Nanga pochonga? Beseni ndi la malita 8, mwana walemba 7, wina 10, wina 15. Wakhoza ndani?

Sikelo_Yolondola:
Musachonge ngati samu ya yankho limodzi, apo ayi ana aziopa kulemba kanthu, kapena azidikira yankho kuti akopere. Auzeni alembe manambala atatu. Yoyamba ikhale imene akudziwa kuti yachepa ndithu, yachiwiri imene akudziwa kuti yachulukitsa, yachitatu imene akuikhulupirira pakati pa ziwirizo. Poyamba mpatawo umakhala waukulu, monga 1 mpaka 50. Sabata zikamapita uyenera kumafupika: 5 mpaka 12, kenako 7 mpaka 9. Kufupikako ndiye chizindikiro choti mwana akupita patsogolo.

Ngati mukufunabe malikisi, kwa oyamba kumene mungalole kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa malita 8, ndiye kuyambira 6 mpaka 10. Choncho wa 7 ndi wa 10 akhoza, wa 15 ayi. Muonenso kuti kuphonya kumayezedwa molingana ndi kukula kwa chinthu. Kuphonya ndi lita imodzi pa mgolo wa malita 200 si kanthu, koma pa botolo la malita 2 ndi theka lathunthu.

Chinanso, theka la malikisi lipite pa chifukwa. "Ndikuona kuti mungalowe mabotolo anayi pansi ndi ena anayi pamwamba" n'koposa nambala yolondola yongogwera mwamwayi.

Bolodi_Lakuda:
Ine ndikuona ngati tikutaya nthawi. Pa mayeso amafuna yankho lenileni, osati "pafupifupi". Kuyerekeza ndi kulota basi.

Sikelo_Yolondola:
Ayi achimwene, kulota ndi kutchula nambala popanda poimira. Ndipo ngakhale pa mayeso pomwepo, kuyerekeza ndi kumene kumapulumutsa mwana. Bokosi la 30 cm, 20 cm ndi 10 cm likupereka 6000 cm³. Funso likati musinthe kukhala malita, wina amalemba 60, wina 600, wina amangosiya 6000 n'kulemba malita. Mwana amene ananyamulapo bokosi la lita amadziwa kuti m'bokosi lotere mukwana mabokosi atatu m'litali, awiri m'lifupi, msanjiko umodzi, ndiye 6. Akaona 600 amadzidzimuka yekha.

Bolodi_Lakuda:
Pamenepo ndamva. Koma nthawi yake ikhale yochepa.

Nyenyezi_08:
Mphindi zisanu pa tsiku kwa milungu ingapo zimaposa phunziro limodzi lalitali. Chiwiya chimodzi patebulo m'mawa, aliyense alembe, muyeze, basi.

Kyubu_Kyubu:
Ndibwerereko ku fomula imene a Choko anayamba nayo, chifukwa ndikukayika ngati anawo akuimvetsadi. Ayeseni chonchi: jambulani bokosi lopangidwa ndi makyubu (timabokosi tofanana mbali zonse), 4 m'litali, 3 m'lifupi, 2 m'mwamba, mizere ya makyubu ikuoneka, koma osalemba manambala. Funsani kuti muli makyubu angati. Yankho ndi 24. Mudzaona 26, amene ndi masikweya ooneka pa nkhope zitatu (12, 8 ndi 6). Mudzaonanso 52, kwa amene wakumbukira kuti kumbuyo kulinso nkhope n'kuchulukitsa kawiri. Ofufuza Michael Battista ndi Douglas Clements anafotokoza vuto limeneli mu 1996: ana ambiri amaona kunja kwa bokosi, mkati samuona ngati mizere ndi misanjiko.

Chenjezo laling'ono: musayesere ndi kyubu ya 3 ndi 3 ndi 3. Nkhope zitatu zooneka zimapereka 9 + 9 + 9, amene ndi 27, yankho lolondola lopezeka m'njira yolakwika. Mudzaganiza kuti akhoza.

Chothandiza ndi kumanga. Apatseni bokosi lopanda kanthu ndi makyubu ochepa dala, osakwana kulidzaza. Ayale mzere umodzi m'litali, umodzi m'lifupi, aone kuti pansi pakwana angati. Kenako asanjike m'kona kuti aone misanjiko ingati. Pansi 12, misanjiko iwiri, 24. Fomula imabadwira pamenepo. Makyubu akasowa, mabokosi a machesi opanda kanthu amagwira ntchito, bola akhale a kukula kofanana ndipo agone mbali imodzi onse.

Mmisiri_77:
Ndiwonjezere za muyeso wa kunja ndi wa mkati, poti ana amayeza kunja nthawi zonse. Bokosi lathabwa lotsekeka, kunja masentimita 12 mbali zonse, thabwa lokhuthala sentimita imodzi. Malo amene likudya pa shelefu ndi 1728 cm³, koma mkati ndi 10 × 10 × 10, ndiye 1000 basi. Funso lizinena poyera: tikufuna malo amene chinthu chikudya, kapena zimene zingalowemo?

Kambalame22:
Nanga mwala, kiyi, kapena chinthu chilichonse chopanda ngodya? Rula siigwira pamenepo.

Labu_Yaing'ono:
Pamenepo timamiza m'madzi. Chinthu chikamira chonse, madzi amakwera ndi muyeso wofanana ndi voliyumu yake. Koma njirayi imakanika kawirikawiri pa zifukwa zodziwika.

Chachikulu ndi chiwiya chotakata kwambiri. Mwala wa 50 cm³ m'chiwiya chimene pansi pake ndi 10 ndi 10 umakweza madzi theka la sentimita lokha. M'botolo lodula pamwamba, la masentimita 6 kupingasa pakati, umakweza pafupifupi masentimita awiri. Sankhani chiwiya chopapatiza kwambiri chimene mwalawo ungalowemo. Mangani mwala ndi ulusi n'kuutsitsa, osauponya, chifukwa madontho otaika ndi mamililita otaika. Chala chisalowe m'madzi pamene mukuwerenga. Chinthu choyandama chikankhidwe ndi waya wopyapyala mpaka chimire. Chomwa madzi, monga choko kapena siponji, musachiyese n'komwe. Powerenga, chiwiya chikhale patebulo, mwana agwade kuti diso lifanane ndi madzi, ndipo awerenge pansi pa kakhonde kamene madzi amapanga m'mphepete, osati m'mbali momwe akwera.

Ngati mulibe chiwiya cha mizere, dzazani kapu mpaka pamlomo, iikeni m'mbale youma, tsitsani mwala, ndipo madzi osefukira muwakoke ndi sirinji n'kuwerenga. Apanso ayambe alemba nambala yawo. Mwala aufanizire ndi kyubu ya 1 cm³ ndiponso ndi bokosi la lita.

Nyenyezi_08:
Ana amakonda nkhani ya Archimedes, katswiri wakalekale wa masamu wa mumzinda wa Syracuse, amene akuti anazindikira zimenezi polowa m'bafa n'kuona madzi akusefukira, pamene ankafufuza ngati chisoti cha mfumu chinali cha golide yekhayekha. Anailemba ndi Vitruvius, mlembi wachiroma, patapita zaka pafupifupi 200, ndiye muziinena ngati nkhani yosimbidwa.

Gogo_Masamu:
Nkhaniyo ndi yokoma koma ili ndi msampha. Ana amatulukamo akuganiza kuti cholemera ndicho chimakweza madzi kwambiri. Tengani timabotolo tiwiri tofanana ndendende, kena mudzaze mchenga, kena misomali, mutseke bwino. Awanyamule amve kusiyana kulemera. Afunseni kamene kakweze madzi kwambiri. Tikamira, tonse timakweza mofanana.

Kambalame22:
Komabe lita ndi kilogalamu si zofanana?

Labu_Yaing'ono:
Pa madzi pokha. Lita ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Lita ya mafuta ophikira imapepukirapo, pafupifupi magalamu 920, ndipo ya mchenga wouma imafika cha pa kilogalamu imodzi ndi theka. Koma pa madzi n'chida chabwino choyerekezera: mwana akanyamula chigubu cha madzi ndi dzanja limodzi mosavuta, si malita 20 amenewo.

Choko_Choyera:
Tabwereraniko ku ndowa yanga ija. Ndimaganiza zomata pepala m'mbali mwake n'kulemba mizere ndi rula, motalikirana mofanana, kuti ana aziwerenga malita.

MayiWaRula:
Musatero aphunzitsi! Rula imagwira pa chiwiya choongoka chokha. Ndowa ndi yopapatiza pansi, yotakata pamwamba. Tengani ndowa ya masentimita 22 kupingasa pansi, 30 pamwamba, msinkhu 25. Imalowa malita 13 ndi pang'ono. Madzi akafika theka la msinkhu, muli malita osakwana 6, pomwe theka lapamwamba limatenga oposa 7 ndi theka. Mizere muilembe pothira: lita imodzi, dikirani madzi adekhe, lembani, lita ina, lembani. Mudzaona mizere ikuyandikana pamene mukukwera, ndipo ana afunsidwe chifukwa chake. Limenelo palokha ndi phunziro.

Zimenezi zikhudzanso njira ija yothira botolo limodzi n'kuyerekeza. Mwana akaona lita yoyamba yakwera kwambiri, amachepetsa nambala ya ndowa yonse. Muuzeni ayang'ane m'mbali mwa chiwiya kaye: n'choongoka, chotakata pamwamba, kapena chamimba pakati?

Kyubu_Kyubu:
Pali ntchito ina ya mapepala awiri a A4 imene imathetsa mtsutso wa kutalika. Pepalali ndi masentimita 21 ndi 29.7. Limodzi mulipinde kukhala paipi yaitali yopyapyala, lina yaifupi yonenepa, m'mphepete mongokhudzana, matani ndi tepu. Ana ambiri amati zilowa zofanana poti pepala ndi limodzimodzi, ena amati yaitali ipambana. Imikani yaitali mkati mwa yaifupi pa thireyi, dzazani yaitaliyo ndi mchenga wouma, kenako ikokeni m'mwamba pang'onopang'ono. Mchenga suidzaza yaifupi ija. Yaitali imalowa lita imodzi ndi pang'ono, yaifupi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Gwiritsani ntchito pepala lolimbako, chifukwa lofewa limang'ambika pansi ndi kulemera kwa mchenga.

Phunziro lake n'lakuti kutakata kumawerengedwa kawiri, msinkhu kamodzi. N'chimodzimodzi ndi bokosi: mukachulukitsa mbali zonse kawiri, voliyumu imachuluka ka 8, osati kawiri. Amange kyubu ya 2 ndi 2 ndi 2 pambali pa kyubu imodzi aone.

Bolodi_Lakuda:
Zonsezi m'kalasi yodzaza, madzi sadzangokhala ponseponse?

Nyenyezi_08:
Chitirani panja, m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi ntchito yake: wothira, wogwira chiwiya, wowerenga mokweza, wolemba, woonetsetsa kuti kapu yadzaza mpaka pamzere. Wolembayo azichonga kamzere pa kapu iliyonse, chifukwa kusokonezeka kuwerenga ndi kumene kumaononga zotsatira zambiri. Makope atsale mkati atalembamo kale manambala awo, panja patuluke pepala limodzi pa gulu. Kuthirira kuchitikire m'beseni kuti madzi omwewo abwezedwe. Dulani botolo pamapewa, mbali ya kukamwa muizondotse, ikhala chothirira m'ziwiya za pakamwa pang'ono.

Ziwiya zizizungulira m'magulu, ndipo chimodzi chiyezedwe ndi magulu awiri. Akapeza zosiyana, wina makapu 11 wina 13, musaweruze inu. Afufuze okha amene samadzaza kapu.

Labu_Yaing'ono:
Mukasankha mchenga m'malo mwa madzi, ukhale wouma ndi wosefa, ndipo kapu iliyonse isalazidwe ndi rula, osaunjika, osatsendera. Miyala kapena mabulo musagwiritse ntchito m'malo mwa mchenga, zimasiya mipata. Kuti ana aone mipatayo, dzazani botolo ndi timiyala mpaka onse avomere kuti ladzaza, kenako thiranimo madzi ndi kapu.

Mmisiri_77:
Akazolowera malita, amangeni kiyubiki mita. Pafunika ndodo 12 za mita imodzi ndi zingwe zomangira makona 8. Iimike pakona ya chipinda kuti makoma aigwirize. Ikani bokosi la lita mkati n'kufunsa kuti angalowe angati. Mudzamva 50, 100, nthawi zina 200. Ayale ndi choko pansi: 10 m'mzere, mizere 10, ndiye 100 pa msanjiko umodzi, misanjiko 10, ndiye 1000. Migolo isanu ya malita 200. Kuchokera apo angathe kuyerekeza chipinda chonse poyenda mapazi: cha mamita 8 ndi 7 ndi 3 ndi makiyubiki mita 168.

Choko_Choyera:
Ndaona poyambira tsopano. Sabata yoyamba kundandalika ziwiya popanda manambala, yachiwiri miyeso isanu ija ndi bokosi la lita, yachitatu ndowa ndi manambala atatu, yachinayi makyubu ndi fomula, miyala ndi kiyubiki mita pambuyo. Funso latsala limodzi: zolemba za pa mabotolo ndizimate kapena ndizisiye?

MayiWaRula:
Pa miyeso isanu ya pakona zisiyeni zionekere. Pa ziwiya zoyerekezera matani ndi tepu, ndipo muyang'anenso pansi pake, chifukwa ndowa ndi majagi ambiri apulasitiki amakhala ndi nambala yodindidwa kunsi kapena mizere mkati. Mukatha kuyeza, mwana mmodzi amatule tepuyo kuti onse afanizire ndi zimene apeza.